Mwendo wa Apongozi

Kuseri kwa bondo langa lamanzere kwayamba kuonekera kamtsempha kobiriwira, kokhotakhota ngati nyongolotsi. Ndinakaona mwezi wathawu ndikusamba, ndipo ndinangopezeka ndakhala pamwala wa m'bafa, sopo ali kumanja. Sikakupweteka ayi. Koma mitsempha yotereyi ine ndikudziwa kumene imathera, chifukwa ndaiona ikukula pamiyendo ya amayi anga kuyambira ndili kamtsikana.

Amayi ankalima mpunga kudambo, kumunsi kwa Mtakataka. Amene sanawokepo mpunga amaganiza kuti ndi ntchito ya msana, koma imene imazunzika ndi miyendo. Munthu umaima m'matope kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mwendo uliwonse uchite kuuzula kuti usunthe. Mpunga akakolola ankapita nawo ku Golomoti tsiku la msika, n'kukaimanso tsiku lonse, poti ankati wogulitsa atakhala pansi amaoneka ngati alibe nazo ntchito. Onjezanipo mimba. Iwo eni ankanena kuti mwana aliyense anawasiyira mtsempha wake, ndipo ankachita kutilozera: uwu ngwa alongo ako aakulu, uwu ngwa wotsatira, waukulu wofika m'kakolowu ngwako, poti makani unayamba ukadali m'mimba. Tinkaseka. Nthawi imeneyo inali nkhani yoseketsa.

Mwa ana awo onse wamkazi ndine ndekha. Alongo anga anapita kuchikamwini, aliyense kwa mkazi wake, monga mmene timachitira kwathu. Choncho nditakwatiwa, amuna anga ndiwo anabwera kudzamanga pakhomo pa amayi, nyumba yathu kuyang'anizana ndi yawo, pakati pali bwalo ndi mtengo wa mango. Bambo anga anali atamwalira kale.

Amuna anga ndi osema ziboliboli. Luso analiphunzira ku Mua ali mnyamata. Ndi munthu wosalankhulalankhula, woti mukhoza kuswera naye osadziwa ngati wakwiya kapena wakondwa. Akamwini ena amalawirira kumunda kapena kunyanja n'kubwera madzulo, apongozi n'kupumako. Anga ntchito yawo inali pansi pa mango paja, tsiku lonse, nsompho ili go go go pamtengo, ndipo akadzutsa mutu choyamba kuchiona chinali khonde la apongozi awo.

Anthu awiriwa ankaopana zenizeni, kuopana kwachikale. Amayi akamachokera kumjigo n'kuona mkamwini akubwera m'njira, ankapatukira patchire ndowa ili pamutu, winayo n'kupatukira mbali inayo, njira n'kutsala yopanda munthu. Moni ankapatsana chapatali, amuna anga atanyonyomala, akuwomba m'manja, maso ali pansi. Sanadyerepo pamodzi. Amayi akafuna kuti khola la mbuzi likonzedwe, ankauza ine mokweza, eni ake ali pomwepo akumva, ine n'kutembenuka kubwereza mawu omwewo ngati womasulira wa m'tchalitchi. Mabanja ambiri masiku ano zimenezi anazisiya, ena mpaka amakwezana panjinga. Koma amayi ankanyadira. Ankauza anzawo kuti mkamwini wawo sanawaonepo ngakhale chidendene, ndipo sankanama kwenikweni, chifukwa chitenje chawo chinkachita kusesa pansi.

Miyendo inayamba kuvuta kwambiri mwana wanga wachiwiri ali kumsana. Pofika madzulo ankati ikulemera ngati wina wawamangirira miyala. Wamanja ndiwo unanyanya: kutupa m'kakolo, kuyabwa, khungu n'kuda n'kuuma ngati chikopa cha ng'oma. Ankakanda mobisa, dzanja kulowetsa pansi pa chitenje, nkhope ili ngati palibe chikuchitika.

Tinayamba ndi zimene aliyense amayamba nazo. Ndinkawiritsa masamba a nimu n'kumawathowa ndi kansalu, kenako n'kuwatikita mafuta a nsatsi. Zinkathandiza, sindinama, kuyabwa kunkachepa ndipo tulo ankatipeza. Koma kukacha mitsempha ili pomwepo, ndipo ikamva madzi otentha inkachita kufufuma. Kenako anagula botolo kwa bambo wina wa pamsika wa Golomoti, aja amaima ndi chimkuzamawu n'kumatchula matenda onse a padziko, kuyambira shuga mpaka kusowa banja. Anamwa botolo lonse mokhulupirika. Chimene chinasintha ndi m'mimba basi.

Ndinachita kuwakokera kuchipatala cha mishoni mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa. Adokotala amene tinawapeza anali mnyamata, woti amayi akanatha kumubereka, koma anawalankhula mwaulemu. Anati mitsempha ya m'miyendo ili ndi tizitseko tothandiza magazi kukwera kupita kumtima, ndipo tawo tinatopa, ndiye magazi amangodikha m'munsi ngati madzi a m'dambo. Anati njira zilipo. Kuchipatala chachikulu ku Lilongwe amatha kuchita opaleshoni n'kuchotsa mtsempha wowonongekawo. Kwina amabaya jakisoni woti mtsemphawo ufote. Ndipo kuli zipatala zina zimene zili ndi makina ouwotchera m'kati osang'amba khungu, koma kumeneko si kwa anthu ogulitsa mpunga pambale.

"Nanga mukauchotsa, magazi azidzera pati?" anafunsa amayi.

"Ilipo ina m'kati, mayi, yosaoneka. Imeneyo ndiyo imagwira ntchito yaikulu."

Amayi anangoti, "Oho," oho uja wa munthu amene wamva koma sanakhulupirire.

Adokotala anati zonsezo n'zam'tsogolo. Choyambira chinali chosafuna ulendo. Anatilozera kogula masokosi othina ofika m'mawondo, oti azivala tsiku lililonse akangodzuka. Kenako anati, "Masana muzigona chagada, miyendo muisanjike pamwamba, ipitirire chifuwa. Kangapo patsiku, makamaka mukachoka koima. Osamangokhala pampando miyendo ili lende." Anachita kutionetsa, mwini wake kugona pabedi lopimira n'kutsamiritsa mapazi kukhoma, nsapato zili kuphazi. Ine ndinaseka. Amayi anayang'ana kumbali.

Tili pamsewu kudikira kabaza ndi pamene anatsegula pakamwa.

"Wamumva mwana uja? Ine ndizigona chagada masana, miyendo ili m'mwamba, pakhomo pali mkamwini?"

"Muzifunda chitenje, amayi."

"Chitenje chimabisa khungu. Kagonedwe sikabisika."

Ndinayesa ngati ndi zonena za panjira, zoti tikafika kunyumba ziiwalika. Sizinaiwalike.

Masokosi tinagula. Ankawavala Lamulungu lokha, popita ku Misa, chifukwa anali okongola ndipo ankaopa kuti atha msanga. Masiku ena onse ankakhala m'sutikesi, atapindidwa bwinobwino pamodzi ndi nsalu ya kutchalitchi. Ndinalankhula mpaka malovu kuuma kuti amenewo ndi mankhwala, si zovala zotchenera. Ankati chabwino ndamva, mawa. Mawa lake ndiwapeza ali kudimba, mapazi ali pamtunda.

Za kukweza miyendo tinayesa njira zonse zimene mutu wanga unatha kuganiza. Usiku ndinkawaikira thumba la madeya kumapazi, koma pofika m'mawa linali litagwera pansi, ndipo adokotala anali atanenetsa kuti usiku wokha sukwanira. Ndinati masana azilowa m'nyumba. Nyumba yawo ndi yamalata, alongo anga anawamangira, ndipo masana a chilimwe kwathu kuno nyumba yamalata ndi uvuni. Anayesa tsiku limodzi, anatuluka thukuta lili kamukamu, mutu ukuwaza. Ndiye ananena chinthu chimene sindinachiyembekezere.

"Ndikalowa m'nyumba masana, iwo aja akudziwa chimene ndalowera."

Kuseri kwa nyumba kumadutsa njira ya kumjigo, ndiye kumeneko sikunali kokambirana n'komwe. Ndinati timange mpanda wa udzu pakati pabwalo. Amayi anati anthu adzati tayambana, mpanda pakati pa mayi ndi mwana wake unaonekapo kuti? Amuna anga ndinawafotokozera zonse, mpaka zimene ananena adokotala. M'mawa mwake anangotola nsompho ndi mitengo yawo n'kukasemera kumsewu, pansi pa mlambe. Patangotha masiku ochepa amayi anandituma kuti ndikawaitane, ati mudzi wonse ukunena kuti apongozi athamangitsa mkamwini pamthunzi. Anabwerera, n'kukhalanso malo awo omwe aja.

Ndinapsa mtima, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umawira. Anthu awiri abwino, osafunirana choipa, aliyense kuopa kuchititsa mnzake manyazi, uku mwendo ukunka nuwonongeka. Tsiku lina ndinaima pakati pabwalo n'kukuwa kuti onse amve: "Ulemu wanuwu ndi umene udzadulitse mwendowu!" Nsompho inasiya kulira. Amayi anakoka chitenje n'kuphimba zala za kumapazi. Pofika madzulo ine ndi amene ndinaoneka wamisala.

Nzeru ya mphini inabwera ndi amayi aakulu, akulu awo a amayi, amene amakhala chapafupi pomwepo. Anabwera kudzazonda, anauyang'ana mwendo uja, n'kupukusa mutu.

"Magazi oipa sachoka ndi sokosi, mng'ono wanga. Amafuna khomo lotulukira."

Amayi anaigwira msanga nzeruyo, ndipo chifukwa chake ndikuchidziwa. Mphini amatema kamodzi, m'nyumba, chitseko chili chotseka, basi zatha. Sizifuna kugona chagada pabwalo tsiku ndi tsiku. Ine ndinakana, koma pakati pa amayi ndi akulu awo mawu anga anali a mwana.

Anaitanitsa mayi wina wa kuphiri, wodziwika pa zotema. Sindimunenera zoipa mayiyo. Anthu ambiri a mutu waching'alang'ala amamuyamikira, ndipo tsiku limenelo anabwera ndi lezala yatsopano, yam'pepala. Ataona mwendowo anakayika. Anati pamtsempha penipeni satema, angotema m'mbali, ndipo akanakonda akanabwerera osatema n'komwe. Amayi anaumirira. Ndiye anatema timphini tiwiritiwiri kuyambira pabondo kutsika mpaka m'kakolo, n'kutikitamo mankhwala akuda. Amayi sanaphethire. Atatha anati akumva kupepuka, ndipo kwa masiku angapo ankayenda monyadira, akundiyang'ana ngati akuti waona.

Za m'mwamba zinapola. Ziwiri za m'kakolo, pakhungu lakuda paja, sizinapole. Zinalumikizana n'kukhala kabala kamodzi, kabala n'kukula ngati chivindikiro cha botolo, kenako ngati chikhatho cha mwana. Linkatuluka madzi, ntchentche n'kumawatsata. Ankamanga kansanza n'kuphimba ndi chitenje, koma fungo silimva chitenje. Dzinja limenelo amayi sanatsikire kudambo, koyamba chibadwire changa. Ankakhala pakhonde pakampando, miyendo pansi, kumayang'ana anzawo akudutsa ndi mitolo ya mbande pamutu. Wina akawaitana kuti tiyeni, ankati chaka chamawa.

Tsiku la magazi linali tsiku wamba, m'mawa dzuwa litakwera. Ana anali kusukulu, ine ndinali kumjigo pamzere wa ndowa. Amayi akusesa kuseri kwa nkhokwe, kachitsa kanawabaya pamtsempha wa pamwamba pa bala. Amene sanaonepo sangakhulupirire kuti kabowo kochepa chotero kangatulutse magazi otero. Amachita kuthamanga ngati paipi yoboka. Amayi m'malo mogona pansi anaima chilili, atagwira nkhokwe, kumangoyang'ana. Sanaitane munthu, chifukwa munthu amene analipo pakhomo anali mmodzi yekha.

Ine ndinangoona mathero ake. Nditalowa pabwalo ndowa ili pamutu, ndinaona magazi kuyambira kunkhokwe mpaka pakati pabwalo, nkhuku zikujompha. Amayi anali gone chagada padothi, atadziphimba kumaso ndi duku. Amuna anga anali atagwada kumapazi kwawo, chidendene cha apongozi awo chili paphewa. Malaya anali atavula, atawapinda n'kukanikiza pamwendopo ndi manja onse awiri. Nkhope anali atatembenuzira kumtengo wa mango, khosi lachita kupotoka. Chitenje cha amayi chinali chitatsetserekera m'mawondo. Ndowa sindikudziwa mmene inafikira pansi.

"Bwerani mugwire apa," anatero amuna anga, osatembenuka. "Musautsitse mwendo. Paja adokotala anati m'mwamba."

Ndinalowa m'malo mwawo, iwo n'kuthamangira kumsewu kukafuna galimoto, chifuwa chili pamtunda, manja ali psu. Pansi pa duku amayi ankalira mopanda mawu, mimba yokha kugwedezeka.

"Zikupweteka, amayi?"

"Akanangondisiya."

Mawu amenewo ndinawamva ndekha, ndipo amuna anga sindinawauzepo.

Kuchipatala anawagoneka. Anati magazi anataya ambiri, ndipo akanapitiriza kuima chilili tikanakamba zina. Kuwodi ya amayi okhaokha miyendo inkakhala pamapilo usana ndi usiku, popanda wokangana naye. Anamwino ankatsuka bala n'kumanga bandeji yothina kuyambira kuphazi mpaka pabondo. Amayi ankacheza ndi oyandikana nawo bedi, mapazi ali m'mwamba, mpaka kuwaphunzitsa kasankhidwe ka mbewu ya mpunga. Ndinaona ndi maso angawa kutupa kukuphwa, bala likufiira bwino m'mbali n'kumachepa. Adokotala achinyamata aja anati likangopola atitumiza ku Lilongwe kuti akaone za mtsemphawo.

"Mankhwala ake mwawaona nokha, mayi," anatero tsiku lotuluka. "Kunyumba mukapitirize zomwezi."

Ndinabwerera ndi chiyembekezo. Ndinkati poti choopedwacho chachitika kale, mkamwini wauona mwendo mpaka kuunyamula paphewa, palibenso chobisa. Ndinaganiza mwachibwana.

Amayi atafika pakhomo analowa m'nyumba, ndipo sanatulukenso amuna anga ali pabwalo. Ankatuluka m'mamawa kukasamba, basi. Moni wachapatali uja anatha. M'nyumbamo masana sankagonanso chagada, ankakhala m'mphepete mwa bedi, miyendo pansi, malata akuwaphika. Ndikati mwendo papilo, ankauikapo ine ndili pompo, ndikangotuluka n'kuutsitsa. Amuna anga nawo nsompho inawakanika. Ankakhala pansi pa mango chofulatira khonde, chiboliboli chomwechomwecho pamiyendo, osachisema. Mudzi unali utamva zonse. Ambiri ankayamikira kuti mkamwini anapulumutsa moyo, koma analipo ena pamjigo amene ankatsitsa mawu ndikamafika. Bala lija, limene linatsala pang'ono kutseka, linayambanso kutuluka madzi.

Tsiku lina tikudya amuna anga anaika mbamu pansi.

"Ine ndikakhala pano, amayi sachira."

Ndinakana, ndinalalata. Ndinati nanga bala aziwatsuka ndani, madzi aziwatungira ndani, kodi mwaiwala kuti mwana wamkazi ndine ndekha? Chimene chinandikwiyitsa kwambiri n'chakuti ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Anatuma ankhoswe awo kwa atsibweni anga kukapempha chitengwa, kuti anditenge tikakhale kwawo, kufupi ndi Golomoti. Nkhani ya chitengwa kwathu imavuta, makamaka mwana wamkazi akakhala mmodzi, chifukwa mudzi umaima pa ana aakazi. Ndinkayembekezera kuti amayi akana, ndipo pansi pamtima ndinkafuna akane. Atsibweni atawafunsa, anayankhira m'nyumba, chitseko chili chotsegula pang'ono.

"Apite. Ndi munthu wabwino. Apite."

Tisanasamuke amuna anga anasema chinthu chomaliza pansi pa mango paja. Kanali kabenchi ka m'bawa kosanjikapo miyendo, kotsetsereka, kokhala ndi timaenje tiwiri moika zidendene. Anakapala mpaka kusalala ngati mbale yadothi. Sanakapereke okha, anapatsa ine. Amayi anakalandira ndi manja awiri, anakasisita, nati ndikawathokozere.

Tinasamuka pangolo ya ng'ombe, ana atakhala pamwamba pa matiresi akusangalala ngati akupita kuukwati. Amayi anatulukira pakhonde titafika kale pokhota njira. Nditacheuka ndinawaona ataima, dzanja lili pachipumi.

Papita zaka tsopano. Kuno ndine mtengwa, ndimalima munda wa eni ake, ndipo amuna anga nsompho inayambanso kulira. Ndinawapemphapo amayi kuti abwere tidzakhale limodzi, tiwamangire kanyumba kawo kuseri, kokhala ndi mpanda. Anandifunsa ngati ndinamvapo mpongozi wamkazi akukakhala pamudzi pa mkamwini, n'kusiya manda a amayi ake ndi dambo lake. Alongo anga amabwera akapeza mpata, koma nawonso ndi akamwini kumene aliko, sangasiye pakhomo pa eni. Amayi aakulu ndiwo amawatungira madzi, nawonso msana ukuwavuta.

Bwalo lija tsopano ndi la amayi okha. Akhoza kugona chagada pansi pa mango tsiku lonse, wowaona ndi mbuzi basi. Ine ndimapita kawirikawiri Loweruka, minibasi mpaka Mtakataka, kwinako wapansi. Nthawi zina ndimagona konko kuti ndiwaperekeze kuchipatala kukamangitsa bandeji. Bala limati likachepa n'kubwereranso. Tsopano lazungulira theka la kakolo, ndipo ulendo wa ku Lilongwe sunachitikebe. Ulendo wathawu adokotala ena, atsopano, anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati kunyumba amakweza miyendo. Ndinati malo alipo, kabenchi kalipo. Anati zikapitirira chonchi, tsiku lina tidzakamba za mwendo wonse, osati za mtsempha. Kudambo kwawo akulimako ena.

Za kamtsempha kanga sindinawauze. Ndinagula masokosi, ndipo ndimavala ngakhale Lolemba. Ndikaweruka kumunda ndimagona pamkeka n'kutsamiritsa mapazi kukhoma, mwana wanga wamkazi n'kumaseka. Wakula ameneyo, anyamata ayamba kale kumupatsa moni wautali. Ndamuuziratu kuti mwamuna amene adzamubweretse adzazolowere kuona zidendene zanga. Ndimanena moseka, koma mtima suseka nawo.

Loweruka lapitali ndinafika masana, dzuwa lili paliwombo. Ndisanafike n'komwe pokhota paja ndinawaona. Anali pakampando kumapeto kwa khonde, pamene pamaonekera njira yochokera kumsewu, miyendo pansi, bandeji itanyowa ndi madzi achikasu. Kabenchi ka m'bawa kanali pakona, atakayala kansalu koluka, pamwamba pali wailesi.

Ndinapsa mtima ndisanapereke moni.

"Amayi, kodi ife tinachokeranji pano? Mkamwini kulibe. Mukuopanso ndani? Amayi aakulu akuti mumakhala pomwepa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, tsiku ndi tsiku!"

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kumbuyo kwanga, kunjira, ngati pali wina watsalira.

"Ana sunabwere nawo?"

"Atsala. Akuthandiza bambo awo kupala ziboliboli."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anakonza chitenje, n'kuphimba zala za kumapazi, ngakhale pabwalo ponse panali ine ndekha.

"Ndinayesa, mwanawe. Ndinayala mkeka apo, miyendo n'kusanjika pakabenchi ka apongozi. Ndi kabwino, sikapweteka zidendene. Koma munthu ukagona chagada umangoona masamba a mango. Njira suiona."

Ndinatenga beseni, ndinagwada n'kuyamba kumasula bandeji, iwo maso ali kunjira.